Njanji Isanafike, Sitima Anali Agogo Athu

Pa 31 Malichi 1908 sitima ya pamtunda yoyamba inafika ku Blantyre. Tafunsani anzanu khumi pa gulu lanu la WhatsApp, ndikukayika ngati angapezeke awiri olidziwa tsikuli. Sindikuwanena ayi. Kusukulu tinaloweza 1859, 1891, 1915, 1953 ndi 1964, koma nkhani ya njanji tinkangoidutsa ngati munthu wothamangira basi yomaliza. Chonsecho zambiri zimene timadandaula nazo lero, kaya ndi mtengo wa feteleza, mizere ya pamalo omwetsera mafuta, ngongole za boma kapena mathiraki amene akukumba misewu yathu, mizu yake ina ili pansi pa zitsulo ziwiri zija zimene timangozidumpha pa Limbe kapena pa Balaka osaziyang'ana n'komwe.

Nkhani ya njanji yathu imayambira pamadzi. Azungu oyamba kukhazikika kuno, amishoni ndi amalonda omwe, msewu wawo unali mtsinje. Katundu wochokera ku Ulaya ankatsikira pa Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere, ndipo mu 1891 Angerezi anachita kubwereka kamalo pamenepo kwa Apwitikizi. Kuchoka apo katundu ankakwera tisitima ta pamadzi toyendera nthunzi, n'kumakwera ndi Zambezi, kulowa mu Shire, mpaka pa Chiromo kapena pa Katunga kufupi ndi Chikwawa. Apo ulendo wa pamadzi unkathera, chifukwa kumtunda kwake kuli mathithi: Kapichira, Tedzani, Nkula, omwewa amene lero amatipatsa magetsi. Sitima singakwere mathithi. Ndiye katundu wa ku Blantyre, wa ku Zomba ndi wa kunyanja ankafika bwanji?

Pamutu, abale. Pamutu pa agogo athu. Ankawatcha amtengatenga. Munthu ankasenza mtolo wa makilogalamu 25 kapena kuposerapo, kuyambira ku chigwa kotentha kuja, n'kukwera zitunda zimene lero minibasi imachita kulira pokwera kuchokera pa Thabwa. Nsalu, mchere, malata, mabuku a amishoni, zitsulo za sitima za panyanja zomasulamasula, zonse zinkayenda choncho. Pobwerera ankatsika ndi khofi ndi minyanga. Bwana mwiniwake akafuna kuyenda, ankagona m'machila, anthu n'kumusenza. Kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa kuti Mandala chifukwa cha magalasi a John Moir, inakulira pa ntchito imeneyi. Ndipo musaganize kuti anthu ankasenza chifukwa chokonda ulendo. Boma la atsamunda linali litaika msonkho wa nyumba, ndipo ndalama ya msonkhoyo inkapezeka pogwira ntchito kwa mzungu.

Apa ndi pamene pali chinthu chimene chimandiwawa ndikamawerenga mbiriyi. Azungu a m'maesiteti a ku Shire Highlands anayamba kulirira njanji, koma sikuti ankamvera chisoni makosi a amtengatenga. Dandaulo lawo linali loti anthu ambirimbiri amene akanalima m'minda yawo ya khofi, ndipo kenako ya thonje ndi fodya, ankathera pamsewu kusenza katundu. Njanji ikabwera, anthu amenewa atula mitolo n'kudzagwira khasu kuesiteti. Choncho njanji inamuchotsa munthu mtolo pamutu, inde, koma inamupatsira khasu la thangata m'manja. Komanso utengatenga sunathe mu 1908. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse amuna ochuluka zedi a m'dziko muno anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri sanabwerere.

Munthu amene anakankha kwambiri ganizo la njanji anali Eugene Sharrer, wamalonda wochokera ku Germany amene anali ndi malo aakulu komanso sitima zake pa Shire. Kampani ya Shire Highlands Railway inakhazikitsidwa mu 1895, koma ndalama zinavuta, moti ntchito yeniyeni inayamba patapita zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu. Boma linalibe ndalama zoti liike, ndiye linalonjeza malo: maekala oposa 360,000 m'mbali mwa njanjiyo, ulere. Malo a yani? Funso limenelo silinkawavuta anthu a nthawi imeneyo amene ankasaina mapepala.

Poyamba ankafuna kuti njanji iyambire pa Chiromo, pamene Ruo amakumana ndi Shire. Koma zaka zimenezo madzi a m'nyanja ya Malawi anali akutsika, Shire n'kumaphwa, moti m'chilimwe sitima za pamadzi zinkatitimira mumchenga zisanafike pa Chiromo. Anakakamizika kukayambira kumunsi, pa Port Herald, pamene lero timati Nsanje. Dzina limenelo linachokera ku sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Herald. Kuchoka pa Port Herald njanji inawoloka Shire pa Chiromo, n'kutsata Ruo, kukwera kudzera ku Sandama ndi Luchenza mpaka Limbe ndi Blantyre. Mtunda wonse ndi mamailosi 113, kapena kuti makilomita pafupifupi 180.

Makilomita 180 lero akumveka ochepa, koma taganizirani chikwezacho. Nsanje ali pa mamita osakwana 100 kuchokera pamlingo wa nyanja ya mchere, pamene Limbe ali pa mamita oposa 1,100. Tsono sitima ili ndi mphamvu yake komanso chofooka chake, ndipo zonse zimachokera pamalo amodzi. Gudumu lachitsulo likamagudubuzika pa chitsulo chinzake silikanidwa kwambiri ngati mmene tayala limachitira pa phula, n'chifukwa chake mutu umodzi wa sitima umakoka katundu amene angafune mathiraki makumimakumi. Koma kusalala komweko kumachititsa kuti pachikweza magudumu aziterereka. Sitima singalunjike phiri ngati kabaza wa njinga yamoto. Imayenera kulinyengerera, kuzungulira, kutsata khwawa la mtsinje, kukwera pang'onopang'ono. Mukadzatsegula Google Maps n'kuona mmene njanji imapindikirapindikira pakati pa Makhanga ndi Luchenza, dziwani kuti sikuti akatswiriwo analedzera. Ndipo phiri lililonse limene anadula, chigwa chilichonse chimene anakwirira, zinachitika ndi piki, fosholo ndi mtanga wa dothi pamutu.

Mitu ya sitima ya nthawi imeneyo inali ya nthunzi. Kunena mwachidule, ndi ketulo yaikulu yokhala ndi magudumu. Munthu mmodzi ntchito yake inali yosonkhezera moto, wa nkhuni kapena malasha, moto n'kuwiritsa madzi, nthunzi n'kukankha mapisitoni, mapisitoni n'kupukusa magudumu kudzera m'mikono yachitsulo ija imaoneka m'mbali. Ketulo yotere imamwa madzi kwambiri, choncho pa mtunda uliwonse pankafunika thanki ndi malo oimapo. Pamene sitima yaima, amayi amabwera ndi nthochi, chinangwa chophika ndi nsomba zouma. Pamene pabwera amayi ogulitsa, mawa pamangidwa golosale. Matauni angapo a m'dziko muno anabadwa choncho.

Limbe ndiye chitsanzo chachikulu. Likulu la njanji ndi malo okonzera sitima anaziika kumeneko, kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale yake pafupi mu 1908, amalonda achimwenye anatsegula masitolo, tauni n'kumera pamene panali tchire ndi minda. Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri osiyana mpaka 1956. Luchenza anakula chifukwa cha tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amene ankakwezedwa pamenepo. Koma nachi chodabwitsa: Zomba, likulu la boma la atsamunda komanso la Malawi mpaka 1975, sinaonepo njanji mpaka lero. Njanji sinkatsata kumene kuli boma kapena kumene kuli anthu ambiri. Inkatsata kumene kuli katundu wogulitsa kunja.

Tsono vuto la madzi silinathe. Shire anapitiriza kuphwa, ndipo posakhalitsa Port Herald nayenso sankafikika bwino m'chilimwe. Kampani ina, Central Africa Railway, inatalikitsa njanji ndi mamailosi 61 kulowa m'dziko la Apwitikizi mpaka pa Chindio, m'mphepete mwa Zambezi, ndipo pofika 1915 sitima zinali zikuyenda. Mu 1922 njanji ya Trans-Zambezia inatha, kuchokera pa Dondo kufupi ndi Beira mpaka pa Murraça, kutsidya lina la Zambezi moyang'anana ndi Chindio. Taonani chithunzi chake: njanji tsidya lino, njanji tsidya ilo, pakati mtsinje waukulu wopanda mlatho. Katundu ankatsitsidwa m'mabogi, kukwezedwa pa pantoni, kuwoloka, kutsitsidwa, kukwezedwanso m'mabogi ena. M'dzinja madzi ankasefukira n'kumiza madoko, m'chilimwe mchenga unkatseka njira. Fodya ndi tiyi zinkatha kukhala masabata m'mphepete mwa mtsinje zikudikira.

Pano ndi pamene nkhaniyi imalowa m'thumba mwathu. Njanji ya Trans-Zambezia yonse inali m'dziko la Mozambique, ndipo amene ankapindula nayo kwambiri anali eni ndalama a ku London amene anali ndi malonda ku Beira, motsogozedwa ndi Libert Oury. Koma ngongole yomangira njanjiyo, boma la Britain linalamula kuti Nyasaland ndiye aimire chikole. Njanjiyo italephera kupeza ndalama zokwanira, chiwongoladzanja chinkachoka m'thumba la boma la Nyasaland, ndipo thumba limenelo linkadzazidwa kwambiri ndi msonkho wa anthu akumudzi. Ndiye kuti mayi wa ku Ntchisi kapena bambo wa ku Karonga, amene sanaonepo sitima chibadwire, ankathandiza kulipira njanji ya m'dziko la eni. Ndalama imene ikanamanga sukulu, chipatala kapena msewu inkapita kumeneko.

Katswiri wa mbiri Leroy Vail analemba za zimenezi mu 1975, ndipo mfundo yake inali yolimba: umphawi wa Nyasaland sunangochitika wokha, njanjizi ndi ngongole zake zinathandiza kuupanga. Ena amamutsutsa, amati dziko lopanda migodi komanso lotalikirana ndi doko likanavutikabe ngakhale popanda ngongoleyo. Ine ndimaona kuti onse ali ndi mbali yoona, koma ya Vail ndi imene sitiimva kawirikawiri. Timakonda kunena kuti atsamunda anatisiyira njanji, ngati kuti inali mphatso. Mphatso yanji imene wolandirayo amalipira kwa zaka makumi?

Kenako panabwera mlatho. Mu 1930 makampani a njanji a mbali ya kuno anaikidwa pansi pa Nyasaland Railways, ndipo ntchito ziwiri zazikulu zinayamba. Yoyamba inali mlatho wa pa Zambezi pakati pa Sena ndi Dona Ana, kufupi ndi Mutarara. Anamanga ndi a kampani ya Cleveland Bridge ya ku England, ndipo unatsegulidwa mu Januwale 1935. Kutalika kwake ndi makilomita 3.67. Pa nthawiyo unali mlatho wa njanji wautali kuposa wina uliwonse mu Africa. Taganizani, munthu woyenda pansi amatha pafupifupi mphindi 45 asanauwoloke. Inali nthawi imene chuma cha dziko lonse chinali chitagwa, mafakitale a zitsulo a ku Britain akusowa ntchito, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene boma la kumeneko linavomerezera mlathowu chinali kupezera anthu ake ntchito. Landeg White, amene anaphunzitsapo pa Yunivesite ya Malawi, analemba buku lonse lonena za mlathowu, Bridging the Zambezi, ndipo anauona ngati chitsanzo cha kupusa kwa utsamunda. Komabe ine ndikaona zithunzi zake ndimagoma. Chinthu chikhoza kukhala cholakwika pa masamu a chuma koma n'kukhala chokongola, ndipo manja amene anakumba maziko ake pansi pa madzi a Zambezi ambiri anali a anthu akuda a m'chigwa chomwecho ndi a kuno kwathu.

Ntchito yachiwiri inali kutalikitsa njanji kuchoka ku Blantyre kupita kumpoto: kutsika kukawoloka Shire, kudzera pa Balaka, Golomoti, Mtakataka, Chipoka, mpaka Salima, kumene inafika mu 1935 momwemo. Pa Chipoka njanji inakumana ndi nyanja. Ambiri sadziwa kuti sitima za panyanja nazonso zinkayendetsedwa ndi kampani ya njanji yomweyi. Vipya, imene inamira mu Julayi 1946 n'kupha anthu 145, inali yawo. Ilala, imene inamangidwa ku Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda mu 1951, inalinso yawo. Kwa anthu a kumpoto, Ilala ndiye inali njanji yawo, chifukwa chitsulo chenicheni sichinafikeko, ndipo mpaka pano chigawo chonse cha kumpoto chilibe njanji ngakhale kilomita imodzi. Munthu wa ku Karonga ali pafupi ndi Tazara ya ku Mbeya kusiyana ndi siteshoni iliyonse ya m'dziko lake.

Nanga ankakwera ndani? Mabogi anali ogawidwa monga mmene dziko linalili: azungu kwawo, amwenye kwawo, anthu akuda kumabenchi athabwa. Ambiri mwa okwera kumabenchiwo anali amuna opita kukafuna ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni, ngakhale kuti enanso ochuluka ankangoyenda wapansi chifukwa tikiti inali yodula. Ena anabwerako ndi njinga, sutikesi ndi galamafoni. Ena anatchona. Anthu olankhula Chichewa amene mumawapeza lero ku Mbare kapena m'matauni a migodi ku Zimbabwe, ambiri agogo awo anadutsa njira zimenezi. M'kati mwa kampani ya njanji namonso munali makwerero a khungu: maudindo apamwamba kwa azungu, ntchito zambiri za ukalaliki, zaluso ndi zoyang'anira masiteshoni kwa anthu ochokera ku India, ntchito ya thukuta kwa eni dziko. Mu 1960 ogwira ntchito achikuda ananyanyala pofuna malipiro abwino, ndipo John McCracken analemba za sitalaka imeneyi. Tikamakamba zomenyera ufulu timatchula andale okhaokha, koma anthu amene anaimitsa sitima aja nawonso anali m'nkhondo yomweyo.

Titalandira ufulu mu 1964 dzina linasintha kukhala Malawi Railways, ndipo mitu ya dizilo inayamba kulowa m'malo mwa ya nthunzi. Kamuzu Banda anafuna doko lachiwiri, ndipo mu 1970 njanji ya makilomita pafupifupi 100 inatsegulidwa kuchoka pa Nkaya, kudzera pa Liwonde, mpaka pa Nayuchi, kukalumikizana ndi ya ku Nacala. Ndalama zake zinachokera ku South Africa ya tsankho ija, ndipo tsidya linalo ankalamula anali Apwitikizi. Pa nthawi yomweyo Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere anali akumanga Tazara ndi thandizo la China, makilomita 1,860 kuchoka ku Dar es Salaam mpaka Kapiri Mposhi, n'cholinga chothawa kudalira maboma a azungu a kum'mwera. Njanji ziwiri, zaka zofanana, ndale zotsutsana kotheratu. Amene amati chitsulo chilibe ndale sanayang'ane mapu. Pambuyo pake Canada inathandiza kutalikitsa njanji kuchoka ku Salima kufika ku Lilongwe mu 1979, kenako mpaka ku Mchinji. Kachidutswa kotsala kokafika ku Chipata, makilomita osakwana 30, kanadikira mpaka 2010.

Chinthu chimodzi chimene chimathandiza kuti njanji zonsezi zizilumikizana ndi mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo. Kwathu kuno ndi mamilimita 1,067, chimodzimodzi ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Ndiye kuti bogi yochokera ku Limbe ikhoza kuyenda pa njanji ya ku Bulawayo kapena ku Johannesburg popanda kusintha magudumu. Ku Ulaya ambiri amagwiritsa ntchito mamilimita 1,435, pamene njanji zakale za ku Kenya ndi yapakati ya ku Tanzania ndi za mita imodzi ndendende. Atsamunda anasankha yopapatiza chifukwa ndi yotchipa komanso imakhota msanga m'mapiri.

Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pafupifupi katundu yense wolowa ndi wotuluka m'Malawi ankayenda pa njanji, kudzera ku Beira kapena ku Nacala. Kenako nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inafika pa zitsulozo. Asilikali a Renamo ankazula njanji, kutchera mabomba, kuwombera sitima. Njira ya ku Beira inatsekeka cha mu 1983, ya ku Nacala inatsatira chaka chotsatira, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana uja unaphulitsidwa. Mwadzidzidzi dziko limene doko lake linali pa makilomita osakwana 700 ku Beira, kapena pafupifupi 800 ku Nacala, linayamba kutumiza fodya, tiyi ndi shuga pa mathiraki mpaka ku Durban, mtunda woposa makilomita 2,000. Chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala m'kati mwa Mozambique, ndipo ena anafera komweko. Pa nthawi yomweyo dziko lino linasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi.

Ndimakhulupirira kuti apa ndi pamene m'badwo wathu unasiyana ndi sitima tisanabadwe n'komwe. Nkhondo inatha mu 1992, koma m'zaka khumi zimenezo malonda anali atazolowera msewu. Anthu anali atagula mathiraki, ena mwa iwo anthu a mphamvu, ndipo munthu amene ali ndi mathiraki makumi asanu sangagone tulo kupempherera njanji. Tinakula tikuona matanki a mafuta akutsika kuchokera ku Mwanza ndi ku Songwe, n'kumaganiza kuti ndi mmene zinthu zakhalira chiyambire.

Zimene nkhondo inasiya, madzi anadzamaliza. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo amene anthu amati Mtayamoyo. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo Ruo ndi Shire akumbutsa anthu zimenezi kangapo, mu 2015 komanso pa namondwe wa Freddy mu 2023. Njanji yoyambirira ija, ya mu 1908, ndi imene yavulala kwambiri. Kwa anthu a ku Sandama, Thekerani ndi Makhanga, kumene misewu ndi yovuta, sitima sinali nkhani ya m'mabuku a mbiri. Inali njira yopititsira nthochi ndi chinanazi ku Limbe, yopitira kuchipatala, yobweretsera sopo ndi mchere. Sitima ikasiya kubwera, nthochi zimaolera m'munda.

Mu 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Kenako ku Moatize, m'chigawo cha Tete, kunayamba kukumbidwa malasha ochuluka, ndipo kampani ya Vale ya ku Brazil inaona kuti njira yachidule yokafikira kudoko lakuya la Nacala ndi yodutsa m'Malawi. Anamanga njanji yatsopano ya makilomita oposa 130 kuchoka kumalire a ku Chikwawa mpaka pa Nkaya, n'kukonzanso ya ku Nayuchi. Njira yonse kuchoka ku Moatize kufika kudoko ndi makilomita 912, ndipo inatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Lero mukaima pa Liwonde mukhoza kuwerenga mabogi oposa 100 pa sitima imodzi, onse odzaza malasha, akudutsa osaima. Ndi chinthu chochititsa chidwi kuonera, ndithu. Koma chimandikumbutsa 1908: njanji yabwino kwambiri m'dziko muno yamangidwanso chifukwa cha katundu wa eni wopita kutsidya la nyanja, ife n'kumayesa kukwera nawo pambali.

Kukwera nawoko sikoipa, bola tidziwe kukambirana. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala inafika ku Lilongwe patatha zaka zambiri, ndipo ina yochokera ku Beira inafika pa Marka ku Nsanje, koyamba chitsekekereni njira ija pa nthawi ya nkhondo. Anthu anajambula mavidiyo, anaika pa Facebook, ena n'kumaseka kuti tikusangalalira sitima m'zaka za ndege. Osekawo ndimawamvetsa, koma masamu ake ndi osavuta. Lita imodzi ya dizilo imasuntha katundu wochuluka kwambiri pa njanji kusiyana ndi pamsewu, ndipo dziliyo timagula ndi madola amene tilibe. Thiraki iliyonse imene yachoka pa M1 ndi dzenje limodzi locheperapo. Achinyamata amene tikuphunzira uinjiniya, zachuma, zamalamulo, ngakhale ife a zolembalemba, mapangano a njanji amene akusainidwa lero ndi ife tidzawalipire, monga mmene agogo athu analipirira Trans-Zambezia osafunsidwa. N'chifukwa chake zimandipweteka kumva kuti ena amamasula zitsulo za njanji usiku n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha pa mtengo wa kilo.

Chosangalatsa n'choti mbiri iyi mukhoza kuikhudza ndi dzanja, sizofunika pasipoti. Mitu iwiri yoyambirira ya Shire Highlands Railway, yopangidwa ndi kampani ya Bagnall ku England, inapatsidwa maina a Thistle ndi Shamrock, ndipo yonse inasungidwa: wina pa siteshoni ya Limbe, wina panja pa nyumba yosungira zinthu zakale ya pa Chichiri. Ambirife timadutsa pa Chichiri popita kukagula zinthu kapena kukaonera mpira, osadziwa kuti kuseri kwa mpanda kuli makina amene anagwira ntchito yomanga njanji yoyamba ya dziko lino. Mukaima pambali pake mudzadabwa kuchepa kwake. Sitima ya anthu nayo ikadalipo pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi. Siyothamanga, musapite ndi changu, koma imadutsa malo amene msewu sukuonetsani, ndipo pa siteshoni iliyonse msika umabwera wokha pawindo.

Ndiye pali anthu. Amene anagwira ntchito ku Nyasaland Railways ndi ku Malawi Railways, oyendetsa, osonkhezera moto, okonza njanji, ogulitsa matikiti, akutha mmodzimmodzi. Ena ndi agogo athu enieni, ena ndi achikulire a kumpingo kwathu amene timangowapatsa moni n'kudutsa. Foni imene mukuwerengera iyi ili ndi chojambulira mawu. Khalani nawo pansi, muwafunse kuti, "Agogo, kodi sitima ya malasha ija inkatenga maola angati kuchoka ku Limbe kufika ku Salima? Malipiro anu oyamba anali zingati? Tsiku la sitalaka munali kuti?" Afunseninso maina a masiteshoni motsatana, mudzaona mmene amawatchulira osaphonya, Lirangwe, Shire North, Utale, Nkaya, Balaka, Bilila, Sharpe Vale, ngati akuwerenga ana awo. Zimene angakuuzeni sizili m'mabuku a Vail kapena White, chifukwa mabukuwo analembedwa kwambiri kuchokera m'makalata a mabwana, ndipo wosonkhezera moto sankalemba makalata opita ku London.

Ndipo tsiku lina mukamawoloka njanji yakale, mutayang'ana mbali zonse n'kutsimikiza kuti kulibe sitima, weramani muone m'mbali mwa chitsulocho. Opanga njanji amadinda dzina la fakitale ndi chaka chimene anachipanga, zilembo zotukuka zimene mukhoza kuzipapasa ndi chala mukachotsa dothi ndi dzimbiri. Jambulani, kenako mukafufuze kuti fakitaleyo inali m'tauni iti, ndiponso kuti chitsulocho chinadzera doko liti pobwera kuno.